Amuna Anga Akulemberana Makalata ndi Ofesi ya Maso Yomwe Kulibe

Aphungu,

Tsamba lanu ndakhala ndikuliwerenga kuyambira tili ku Zomba, koma sindinkadziwa kuti tsiku lina nanenso ndidzagogoda pakhomo panu. Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndinakwatiwa ndi bambo wa ku Rumphi. Dzina lawo sinditchula. Ndizingoti bambo a Sophie, poti a Sophie ndi ambiri m'dziko muno. Ndi munthu wabwino, samwa, samenya, ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Ntchito yawo m'boma ndi yoyendera ngalande. Mukaona madzi a mvula akuyenda mwaulemu m'mbali mwa misewu yatsopano ya kuno ku Lilongwe, dziwani kuti iwo anadutsapo ndi tepi yawo.

Vuto linayamba tsiku lomwe tinasamuka. Ofesi yawo inapakiridwa m'malole atatu. Ine ndi ana tinakwera basi, koma iwo anakana. Anati mapulani a ngalande sangayende okha ndi dalaivala wosadziwa kusiyanitsa pulani ndi pepala lokulungira usipa. Choncho anakhala kumbuyo kwa lole, pamwamba pa mabokosi, kuchokera ku Zomba mpaka kuno. Pofika anali ofiira thupi lonse ngati chulu. Atasamba, fumbi linachoka paliponse, koma diso lamanzere linakhalabe lofiira.

Sabata inatha, ina inathanso. Disolo linkawawa, linkatuluka misozi, ndipo dzuwa likawala iwo ankakhala ngati wina wawabaya. Aliyense ankati ndi fumbi la ku Lilongwe basi, lizolowera. Amayi a kumpingo anabwera ndi nzeru zawo: wina madzi a shuga, wina mkaka wa m'mawere, wina masamba ofinya. Zonsezo ndinakana. Iwo anangopita kumsika wa ku Old Town n'kukagula magalasi akuda bii.

Aphungu, tangoganizani. Munthu wamtali, wa suti, wa magalasi akuda, wosalankhula chifukwa cha ululu, m'manja muli kabuku, akuima m'mbali mwa msewu n'kumalemba. Iwo ankalemba za ngalande, koma anthu sankadziwa zimenezo. Akakwera basi, nkhani zonse zinkathera pomwepo. Wogulitsa nyama anayamba kuwapatsa mnofu wokhawokha wopanda fupa. Tsiku lina pa depoti, bambo wina atangowaona anayamba kuyamikira chitukuko mokweza popanda womufunsa. Dera lathu lonse linagwirizana kuti bambo a Sophie ndi kazitape. Eni akewo sanadziwe kanthu. Ankangofika kunyumba n'kunena kuti, "Mayi a Sophie, anthu a kuno ndi aulemu kuposa a ku Zomba."

Patatha mwezi ndinawakoka kupita kuchipatala. Dokotala wa maso anawaunika ndipo anati si fumbi ayi, koma diso latupa m'kati mwake, kuseri kwa kakuda kaja. Anawapatsa madontho, n'kuwauza kuti abwerenso pakatha masabata awiri. Madontho aja anagwira ntchito ngati matsenga. Masiku anayi okha diso linayera. Ndiye bambo a Sophie anati ntchito yatha, palibe chifukwa chokatayitsira dokotala nthawi. Disolo likafiiranso, ankatenga kabotolo kopanda kanthu kaja n'kukagula kena kofanana nako kusitolo ya mankhwala. Anachita zimenezi chaka chathunthu ndi miyezi. Ine ndinkaona, koma poti diso linkayera, ndinkangokhala chete. Pamenepo mlandu ndi wanganso.

Kenako ndinayamba kuona zachilendo. Polowa pakhomo ankagunda phewa pa felemu. Tiyi ankathira pambali pa kapu. Tsiku lina anafunsa kuti Sophie wapita kuti, Sophie ali pampando womwewo, kumanzere kwawo. Ndikafunsa ankati amene anamanga nyumba za kuno anachepetsa zitseko.

Nyumba zathu za kuno ku Area 14 ndi zofanana ngati mazira: penti imodzi, chitseko chimodzi, mitengo sinakule kuti munthu n'kuzindikirirapo. Lachitatu lina, akuweruka cha m'ma faifi, bambo a Sophie analowa m'nyumba ya aneba athu, a Redson, amene amagwira ntchito yosunga mafayelo ku Capital Hill. Anavula nsapato, anakhala pampando, anaika kabuku kawo patebulo, magalasi ali kumaso. Anayang'ana uku ndi uku n'kunena mwaukali kuti, "Ndani wasuntha katundu? Chilichonse chibwerere komwe chinachokera!"

A Naphiri, akazi a a Redson, anathawira kuchipinda. Posakhalitsa a Redson anatulukira akuyenda chogwada, atanyamula wotchi yaikulu ya pakhoma. Anati, "Bwana, sindinabe. Lole ya ofesi inadzaza ku Zomba, ndiye ndimangosunga." Bambo a Sophie anangoti kukamwa yasa. A Redson poona kuti bwana sakuyankha anawonjezera kuti, "Ndi mpando mwakhalirawo, bwana. Ndi taipi ili kuchipinda." Ine ndinamva a Naphiri akulira kuseri kwa mpanda, ndinathamanga poganiza kuti kwagwa maliro. Ndinapeza amuna anga ali chikhalire ndi masokosi, wotchi ili pamiyendo. Ndinawagwira dzanja n'kutuluka nawo. Panjira anangoti, "Ndimadabwa kuti wotchi mwagula liti osandiuza."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma mtima wanga unali utazizira. Patangotha masabata awiri anagwera m'ngalande ku City Centre, ngalande yoti anaivomereza okha ndi siginecha yawo, antchito onse akuona. Anabinya phazi. Kuchipatala, atamanga phazilo, ndinakana kuchoka mpaka titaonana ndi dokotala wa maso uja, ndipo ndinamuuza zonse, za kabotolo zomwe.

Dokotalayo anawagoneka chagada, anawathira dontho lochititsa dzanzi, n'kuwaika kasikelo kakang'ono padiso. Bambo a Sophie anati, "Kodi tsopano mukuyeza diso pasikelo ngati nyama?" Dokotala sanaseke. Anati, "Bambo, m'diso mumakhala madzi amene amapangika tsiku lililonse, ndipo amatuluka kudzera m'tinjira tating'onoting'ono. Kutupa kuja kwatseka tinjira timeneto, ndipo madontho amene munapitiriza popanda wokuyang'anirani awonjezera vutolo. Madzi akudzaza, diso likufufuma, ndipo likupanikiza mtsempha woonera. Matendawa timawatcha gulokoma. Lamanzere laonongeka kwambiri, ndipo lamanja tiyenera kuliyang'anira." Anawasinthira madontho, anawapatsa ndi mapiritsi. Patatha mwezi anawayezanso, n'kunena kuti mankhwala okha akulephera, pakufunika opaleshoni: kutsegula kakhomo kakang'ono pamwamba pa diso, pansi pa chikope, kuti madzi apeze potulukira.

Aphungu, dokotalayo sankadziwa kuti akulankhula ndi yani. Atangomva za madzi osowa potulukira, bambo a Sophie anadzuka n'kukhala tsonga. Anafunsa kuti, "Madziwo akatuluka akathera kuti? Ngalandeyo itsetsereka chotani? Ikatsekeka, adzaikumbanso ndani? Pulani ilipo?" Dokotala anajambula diso kuseri kwa pepala la mankhwala. Iwo analiyang'ana nthawi yaitali, analizondotsa, n'kunena kuti, "Ngalande yokumba pamwamba pa phiri sindinaionepo." Analipinda pepalalo n'kuliika m'fayelo.

Tsiku loyamba la opaleshoni litafika anakana kupita. Anati kunali mitambo, ndipo palibe munthu wanzeru amene amakumba ngalande nthawi ya dzinja. Dokotala anatipatsa tsiku lachiwiri. Limenelo anati khadi lawo lakale la chipatala linatsala ku Zomba, ndipo ntchito siyamba fayelo isanakwane. Ndikawakakamiza amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine ndimati nkhono ili ndi maso ake, anu ndiye akutha. Mapiritsi akumwa ndithu, ngakhale amadandaula kuti zala zimachita dzanzi ndipo zakumwa za m'botolo zimakoma ngati msomali.

Tsopano ndifike pa tchimo langa. Ndinakawadandaulira a Naphiri, ndipo a Redson, amene anali atapeza mtendere atadziwa kuti mneba wawo si kazitape, anati, "Mayi, munthu wa boma samva mkazi, samva dokotala. Amamva kalata ya chidindo." Usiku usanagwe anali atatulutsa taipi ija amangosunga ija, ndi chidindo chakale chosawerengeka bwino. Tinalemba kalata yochokera ku Ofesi ya Mkulu Woona za Maso a Ogwira Ntchito M'boma. Ofesi imeneyo kulibe. Pansi tinasaina kuti E. Paxton, dzina lomwe a Redson analiona pa katoni. Kalatayo inati bambo a Sophie akulamulidwa kukapereka diso lawo lamanzere kwa dokotala mosachedwa.

Ataipatsidwa anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuiwerenga ali chilili, ataiyandikiza kudiso lamanja. Ndinati basi, zatheka. Koma iwo anakhala pansi n'kulemba yankho. Anathokoza a Paxton, n'kupempha nambala ya fayelo ya nkhaniyi. Kalatayo anaipereka kwa a Redson omwewo kuti akaisiye ku Capital Hill. A Redson anangozungulira mpanda, n'kukapeka nambala.

Panopa makalata afika anayi uku, anayi uku. M'kalata yachiwiri anafunsa kuti diso lamanzere likakhala patchuthi cha opaleshoni, adzagwirizira udindo wake ndani. A Paxton anayankha kuti lamanja. Iwo analembanso kuti lamanja silinagwirepo ntchito ya kumanzere chibadwire, choncho liyenera kuyamba lapita kukozi. A Redson anakhala masiku awiri osadya poganiza choyankha. Pomaliza analemba kuti kozi yavomerezedwa, ndipo ichitikira kunyumba. Ndiye m'mawa uliwonse bambo a Sophie amaphimba diso lamanzere ndi hanki, n'kumazungulira nyumba katatu, akulozera lamanja zinthu: "Uwu ndi mpopi. Ili ndi khasu."

Mukhoza kuseka, Aphungu, koma Lamlungu lapitali sindinaseke. Tisanapite kutchalitchi ndinawapeza pakhonde ataphimba diso lamanja ndi dzanja, akuyang'ana Sophie amene ankayanika zovala pafupi pomwepo. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanayu wavala diresi la mtundu wanji?" Linali lachikasu, lowala ngati dzira. Nditawayankha, anandiuza nkhani yomwe pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanandiuzepo. Bambo awo ku Rumphi anali ndi ng'ala. Kunabwera munthu wina woyendayenda amene ankati amachotsa ng'ala ndi singano. Mkuluyo anagona pamphasa akuona zithunzithunzi, anadzuka osaona chilichonse, ndipo anakhala mumdima zaka khumi ndi chimodzi mpaka kumwalira. Anati, "Mayi a Sophie, panopa ndikuonako pang'ono. Ndikakagona patebulo paja, pang'onopo ndidzadzuka napo? Nanga abwana akamva, sandipumitsa ntchito? Nyumba ino tituluka, ndipo mwana uyu asiya sukulu kuti azindigwira ndodo." Tinapita kutchalitchi, iwo anawerenga mawu pamtima, Baibulo atalitsegula pa tsamba lina.

Kumayambiriro kwa sabata ino ananena kuti makalata akuchedwetsa zinthu, choncho Lolemba likudzali apita okha ku Capital Hill kukaonana ndi a Paxton maso ndi maso. A Redson aonda, thalauza likuchita kugwa. Akuti tilembe kalata yoti a Paxton asamutsidwira ku Nsanje, kapena amwalira mwadzidzidzi. Koma ndikuwadziwa amuna anga, adzafuna kupita kumaliro ndi kukalankhulapo m'malo mwa ogwira ntchito. A Naphiri akuti mchimwene wawo ali ndi suti, tikhoza kumukhazika pa benchi ina ku Capital Hill kuti akhale Paxton kwa ola limodzi. Dokotala watipatsa tsiku lachitatu, pa naintini mwezi wa mawa, ndipo wati diso silidikira mpaka kalekale.

Ndithandizeni. Kodi a Paxton tiwaphe, tiwasamutse, kapena tiwaveke suti? Kodi n'zotheka kupempha dokotala kuti angowagonetsa akadzapita kukayezetsa, adzadzidzimuke zonse zitatha? Nanga opaleshoniyi, kunena zoona, amuna anga adzadzuka akuona?

Z.M., Area 14, Lilongwe


Mayi Z.M.,

Mchimwene wa a Naphiri muuzeni suti yake aisungire ukwati. A Paxton musawaphe, musawasamutse. Ingowasiyani, asalembenso kalata ina. Kupeka ofesi ya boma ndi kudinda chidindo cha eni si masewera. Mukapitiriza, a Redson adzagwadanso, koma ulendo uno pamaso pa munthu amene sanasochere nyumba. Taipi, wotchi, mpando ndi chidindo zibwerere kuofesi sabata ino.

Zoti dokotala awagonetse mowaba, chotsani m'mutu. Palibe dokotala wabwinobwino amene angadule diso la munthu wamkulu, wanzeru zake, mwini wake asanavomere ndi kusaina. Ndiponso mukanatha kutero, mukanapulumutsa diso n'kutaya mwamuna, chifukwa sakanadzakukhulupiriraninso ngakhale powapatsa madzi akumwa.

Tsopano khalani pansi, ndikuuzeni zomwe simukuzidziwa. Masiku awiri kalata yanu isanafike, ndinalandira ina yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokhotera kumanja, yochokera kwa bambo wina wa ku Area 14. Inali ndi mutu, nambala ndi deti. Bamboyo anandipempha kuti ngati akazi awo angadzandilembere, ndiwauze zomwe iwo zikuwakanika kunena. Mawu awo ndi awa: "Ndikudziwa kuti a Paxton kulibe. Ndinadziwa pa yankho loyamba, chifukwa palibe ofesi ya boma imene imayankha tsiku lomwelo. Komanso taipiyo ndimaimva ikulira kuseri kwa mpanda. Ndimayankha chifukwa makalata akamayenda, akazi anga amagona tulo poganiza kuti zinthu zikuyenda, ndipo ine ndimapeza sabata ina osagona patebulo. Za Lolemba ndanena kuti mwina aulule okha, poti ine ndikuchita manyazi kuyamba."

Mwaona? Nyumba imodzi, anthu awiri okondana, aliyense akunamiza mnzake mwachifundo, diso lili pakati likutha. Ndiye musadikire Lolemba. Lero lomwe, ana akapita kosewera, akhazikeni pansi muwauze kuti, "Makalata aja ndimalemba ndine, chifukwa ndili ndi mantha." Mawu oti mantha muyambe kuwatchula ndinu. Mwamuna wa mtundu wawo savomera mantha pokhapokha wina atatsogola.

Funso lanu lomaliza ndinapita nalo kwa dokotala wina wa maso, ndipo ndikuyankhani mosapsatira monga anandiyankhira. Kuona komwe kwatayika kale sikubwerera, kaya ndi opaleshoni, kaya ndi mankhwala. Ntchito ya opaleshoniyi ndi kutsitsa kufufuma kwa diso kuti kuona komwe kwatsala kusathe. Palibe angakulonjezeni kuti zonse zidzayenda bwino. Diso lomwe linatupapo limavuta kuposa lina, chifukwa limafulumira kupanga chipsera, ndipo chipseracho chikhoza kutseka kakhomo katsopano kaja. Nthawi zina pamafunika kubwereza. Koma ikani zimenezi mbali imodzi, mbali inayo muike izi: ngati mankhwala alephera ndipo opaleshoni sichitika, mapeto ake ndi odziwika, diso limenelo lidzazima. Bambo a Sophie akuopa mdima umene ungabwere mwangozi, pamene akhalira kudikira mdima umene ukubwera ndithu.

Zimene zinawachitikira apongozi anu ku Rumphi n'zomvetsa chisoni, ndipo musawauze amuna anu kuti aiwale. Auzeni kokha kuti munthu wa singano pamphasa ndi dokotala wophunzira, wa zipangizo zowiritsa, amene adzakhalepo mawa ndi mkuja kuti aone chilonda, si anthu amodzi. Nkhani imeneyi akamuuzenso dokotala wawo ndi pakamwa pawo. Dokotala akadziwa chomwe munthu akuopa amadziwa poyambira.

Mafunso awo aja musawaseke, ndi mafunso a munthu wodziwa ntchito. Pemphani tsiku loonana ndi dokotala isanafike naintini, mupite nonse awiri, iwo atenge kabuku kawo. Afunse zonse. Ena ndiwayankhiretu. Madziwo satsikira patsaya ngati misozi. Amasonkhana m'kathuza kakang'ono pansi pa khungu loyera la diso, kobisika ndi chikope, ndipo thupi limawamwa lokha. Kutsetsereka sikufunika, chifukwa madziwo amakankhidwa ndi mphamvu ya m'kati mwa diso. Woyendera ngalandeyo ndi dokotala, ndipo ndiye chifukwa chake masiku obwerera kuchipatala pambuyo pa opaleshoni ndi ofunika ngati opaleshoni yomwe. Amuna anu anathawapo kale tsiku lobwerera, ndipo mwaona kumene kwatifikitsa. Ulendo uno khadi musunge ndinu.

Pakati pano ndi tsikulo, madontho ndi mapiritsi apitirize monga momwe dokotala wanenera, osawonjezera, osachepetsa. Dokotala amafuna kuti kutupa kukhale kutazizira asanagwire mpeni, choncho diso likafiira kapena kuwawa, pitani tsiku lomwelo, musadikire naintini. Za dzanzi m'zala mumuuzenso, ngakhale zimachitika kawirikawiri ndi mapiritsi amenewa. Kabotolo kogula okha kasadzalowenso m'nyumba mwanu. Madontho aja si oipa, ndipo mwina adzawapatsanso, koma ndi mankhwala ofuna woyang'anira. Shuga akhale wa mu tiyi, mkaka ukhale wa mwana. Kozi ya hanki ija ithe, asanagwere pa mpopi.

Akadzatuluka m'chipatala, diso asalitikite, asanyamule zolemera, asaweramire m'maenje, ndipo apewe fumbi mpaka dokotala atalola. Masabata oyamba akhoza kumaona mwachimbuuzi kuposa kale. Zimenezo musathamangire kulira, koma mufunse. Ululu waukulu, mafinya, kapena kuona kukatsika mwadzidzidzi, thamangani kuchipatala, ngakhale patapita zaka. Diso lamanja nalo liziyezedwa nthawi zonse.

Za ntchito, apemphe kalata yeniyeni kwa dokotala, apite nayo kwa abwana awo enieni, apemphe tchuthi cha matenda. Sindingalumbire m'malo mwa abwanawo, koma mzinda ukumangidwa uno, ndipo anthu odziwa kumene madzi amapita si ambiri. Munthu amene wakonzetsa diso n'kubwerera amasungidwa msanga kuposa amene akugwera m'ngalande antchito akuona, n'kumati palibe vuto.

Inunso, mayi, lekani kudziimba mlandu wa kabotolo. Munaona diso loyera, munayesa lachira. Ambiri timatero.

Chenjezo langa ndi ili. Matenda amenewa sachita phokoso. Akhoza osawawa, diso likhoza osafiira, munthu n'kumadya, n'kumaseka, kuona kukudyeka m'mbali ngati nsalu yomwe yalowa njenjete m'sutikesi. Choncho musayembekezere chizindikiro china, chizindikiro munachiona kale pakhonde Lamlungu lija. Pa naintini dzukani m'mawa, muwasitire malaya, muyende kumanzere kwawo, mukawafikitse pakhomo la chipatala, ndipo akakupezeni pomwepo potuluka. Mukalephera tsiku limeneli, dokotala adzakupatsani lachinayi, poti madokotala ndi oleza mtima. Diso ndiye silidzakupatsani.

Aphungu